Kudzutsa laputopu yogona ndi kiyibodi yopanda waya: dongle, Bluetooth kapena njira zina?

Anthu ambiri amene amagwira ntchito pa laputopu tsiku lonse amafika poigulira sikirini yaikulu ndi kiyibodi yapadera, laputopuyo n'kuitseka n'kuiika pambali, mwina pashelefu kapena kuseri kwa sikiriniyo. Zonse zimayenda bwino mpaka nthawi ya nkhomaliro. Pobwerako munthu amapeza sikirini ili bii, amadina batani lalitali la kiyibodi kawiri katatu, amagwedeza mausi, koma osaona kusintha kulikonse, ndipo mapeto ake amanyamuka pampando, kuchotsa mapepala amene anasanjika pamwamba pa laputopu, kuivundukula, n'kudina batani loyatsira. Ambiri akafika apa amaganiza kuti anagula kiyibodi yachabechabe kapena kuti mabatire ake atha, chonsecho kawirikawiri kiyibodiyo imakhala yopanda mlandu. Uthenga imatumiza ndithu, kungoti kumbali ya laputopu kumakhala kulibe chimene chili maso kuti chiumve.

Ndiye poyerekeza njira zodzutsira laputopu, chofunika kuyang'ana si kukongola kwa kiyibodi kapena mtengo wake ayi. Chofunika n'kudziwa kachipangizo kamene kamatsala ndi magetsi laputopu ikagona, komanso ngati kachipangizoko kanapatsidwa chilolezo chodzutsa makina onse. Njira iliyonse imene yafotokozedwa pansipa imapambana kapena kulephera pa mfundo ziwiri zimenezi.

Tulo ta laputopu si tofanana

Muyezo umene umalongosola kagonedwe ka makompyuta umatchedwa ACPI, ndipo unatuluka koyamba mu 1996 mogwirizana pakati pa makampani a Intel, Microsoft ndi Toshiba. Muyezowu unaika magawo kuyambira S0, pamene kompyuta ili maso ndipo ikugwira ntchito, mpaka S5, pamene yazimitsidwa. Pa nkhani yathuyi magawo ofunika ndi awiri. Mu S3 purosesa, disiki ndi fani zimazima, koma RAM, pamene kompyuta imasunga zimene ikugwira panthawiyo, imapatsidwabe magetsi ochepa kwambiri kuti isaiwale zimene munthu amachita, ndipo n'chifukwa chake laputopu imadzuka m'masekondi ochepa, mafayilo onse ali chitsegukire. Mu S4, imene Windows imaitcha hibernate, zonse za mu RAM zimalembedwa pa disiki kenako makina amazima pafupifupi kotheratu. Tumeneti ndi tulo tofa nato, ndipo pa malaputopu ambiri palibe kiyibodi, ya waya kapena yopanda waya, imene ingadzutse makina ofika pamenepa.

Kuyambira pa Windows 8 mu 2012 kunabwera kagonedwe kena kamene poyamba kankatchedwa Connected Standby, ndipo mu Windows 10 kanapatsidwa dzina loti Modern Standby. Apa laputopu imagona ngati mmene imagonera foni: sikirini imazima, purosesa imatsitsa kwambiri mphamvu imene ikudya, koma makinawo amakhalabe mu S0. Ku Linux kagonedwe kofanana ndi kameneka kamatchedwa s2idle. Malaputopu ambiri a zaka zaposachedwa ali ndi kagonedwe kokhaka, pamene ambiri mwa ogwiritsidwapo kale ntchito amene amadzaza m'mashopu athu, ma ThinkPad, ma Latitude ndi ma EliteBook a zaka zingapo zapitazo, amagwiritsabe ntchito S3. Malangizo amene anathandiza mnzanu akhoza kukhala opanda ntchito kwa inu pa chifukwa chokhachi.

Kudziwa mtundu wa tulo ta laputopu yanu sikutenga mphindi. Pa Windows tsegulani Command Prompt n'kulemba powercfg /a, ndipo mudzaona mndandanda wa magawo amene makina anu amatha. Mukaona mawu oti S0 Low Power Idle pakati pa magawo amene alipo, osati pa amene palibe, ndiye kuti muli ndi Modern Standby. Pa Linux lembani cat /sys/power/mem_sleep, ndipo pa mawu amene atuluke, amene atsekeredwa m'mabulaketi ndiwo akugwira ntchito: deep ndi S3, pamene s2idle ndi kagonedwe katsopano kaja. Ma ThinkPad ena ali ndi malo mu BIOS (pulogalamu ya mkati mwa makina imene imayamba Windows kapena Linux isanayambe) otchedwa Sleep State olola munthu kusankha pakati pa ziwirizi, koma ambiri atsopano sapereka mwayi umenewu.

Kiyibodi ya dongle

Njira imene ine ndimaidalira kwambiri ndi kiyibodi yobwera ndi kachipangizo kake kolowetsa pa USB, kamene ambiri amangokatcha dongle. Kiyibodi ndi dongle zimalankhulana pa mafunde a 2.4 GHz m'chinenero chawochawo, ndipo laputopu sidziwa n'komwe kuti palibe waya. Imangoona ngati yalumikizidwa ku kiyibodi wamba ya USB. Apa ndi pamene pagona mphamvu ya njirayi, chifukwa muyezo wa USB unakonzeratu kuti chipangizo chogonekedwa chizipatsidwabe magetsi pang'ono, osapitirira 2.5 mA, ndiponso kuti chizitha kutumiza chizindikiro chodzutsa kompyuta. Dongle imakhala tcheru ndi magetsi ochepawo, ndipo mukadina batani imamva n'kugogoda kwa laputopu kudzera pa njira imene inakhazikika kalekale. Yodziwika kwambiri ndi Unifying ya Logitech, imene inatuluka mu 2009 ndipo imatha kunyamula zipangizo mpaka 6. Mu 2021 kampani yomweyo inatulutsa Logi Bolt, imene pakati pa kiyibodi ndi dongle imagwiritsa ntchito Bluetooth Low Energy, koma popeza laputopu imaionabe ngati chipangizo cha USB, pa nkhani yodzutsa ili m'gulu lomweli. Ziwirizi sizimvana, choncho kiyibodi ya Unifying singalumikizidwe ku Bolt.

Kuti njirayi igwire ntchito pamafunika zilolezo ziwiri, ndipo anthu ambiri amapereka chimodzi n'kuiwala chinacho. Choyamba chili mu BIOS. Pa ma Dell pali mawu oti USB Wake Support, amene nthawi zambiri amakhala osachongedwa, ndipo malongosoledwe ake omwe amanena kuti amagwira ntchito pokhapokha chaja ikhale yolumikizidwa. Mukaichotsa laputopu ili m'tulo, magetsi a pa USB amadulidwa kuti batire lisathe. Opanga ena amagwiritsa ntchito mayina osiyana, ndipo ena saika malo amenewa n'komwe, koma khalidwe lodula magetsi a USB makina akakhala pa batire si la kampani imodzi yokha. Choncho poyesa koyamba, yesani chaja ili pakhoma.

Chilolezo chachiwiri chili mu Windows kapena Linux. Pa Windows tsegulani Device Manager, pitani pa Keyboards, sankhani HID Keyboard Device, ndipo pa tsamba la Power Management chongani pamene alemba kuti Allow this device to wake the computer. Chosokoneza n'chakuti pamakhala ma HID Keyboard Device awiri, atatu kapena kuposerapo, onse dzina limodzi, ndipo njira yachidule yodziwira yanu ndiyo kuzula dongle n'kuona imene yasowa pamndandanda. Lamulo la powercfg /devicequery wake_armed limaonetsa zipangizo zonse zimene zili ndi chilolezo panthawiyo. Pa makina a Modern Standby tsamba la Power Management kawirikawiri silioneka, ndipo zimenezi zisakudetseni nkhawa, chifukwa kumeneko kiyibodi ya USB imayenera kudzutsa makina popanda kuchonga kalikonse.

Pa Linux ntchito imachulukirapo pang'ono, koma ubwino wake ndi wakuti zonse zimaoneka poyera. Lamulo la lsusb limaonetsa nambala za chipangizo chilichonse. Mwachitsanzo dongle ya Unifying yofala kwambiri imaoneka ngati 046d:c52b, pamene 046d ndi nambala ya Logitech. Chipangizo chilichonse cha USB chili ndi kafayilo kotchedwa power/wakeup pansi pa /sys/bus/usb/devices, ndipo mkati mwake mumangolembedwa enabled kapena disabled. Nthawi zambiri Linux imakhala italola kale zipangizo zimene zimadzionetsa ngati kiyibodi, moti vuto limapezeka pamwamba pake, pa chimene chimayendetsa USB yonse. Chimenechi chimaoneka mu /proc/acpi/wakeup, kawirikawiri ndi dzina loti XHC pa makina a Intel, ndipo kulemba dzinalo m'fayiloyo kumatembenuza chilolezo, kuchoka pa disabled kupita pa enabled kapena kubwerera. Zimene mwasintha pamanjazi zimafufutika mukazimitsa makina, n'chifukwa chake amene akufuna kuti zikhazikike amalemba lamulo la udev, pulogalamu yoyang'anira zipangizo zolumikizidwa, mu /etc/udev/rules.d, lonena kuti chipangizo cha nambala zakutizakuti chikangolumikizidwa, power/wakeup yake ikhale enabled.

Palinso nkhani ya pamene mwailowetsa dongle, imene anthu amaiona ngati yaing'ono. Masikirini ambiri a mu ofesi ali ndi mabowo a USB kumbuyo kapena m'mbali, ndipo n'zokopa kubisa dongle kumeneko kuti padesiki pasachuluke zinthu. Koma sikirini nayonso imagona laputopu ikagona, ndipo ena mwa masikiriniwa amadula magetsi a mabowo awo akagona, moti dongle imazima pamodzi ndi chilolezo chake chonse. Ma hub (tizipangizo tochulukitsa mabowo a USB) otsika mtengo nawonso ena salola chizindikiro chodzutsa kudutsa. Poyesa koyamba ilowetseni pa laputopu penipeni. Komanso mabowo a USB 3.0, aja ambiri amakhala abuluu mkati, amatulutsa phokoso la mafunde pafupi ndi 2.4 GHz akakhala kuti akugwira ntchito, ndipo Intel inalemba za vutoli mu 2012. Ngati pafupi ndi dongle pali disiki yakunja ya USB 3.0 ndipo kiyibodi ikudumpha zilembo, kachingwe kowonjezera kotalikitsa dongle ndi masentimita ochepa chabe kamathetsa nkhaniyo.

Choipa chachikulu cha njirayi ndi mausi. Ngati kiyibodi ndi mausi zili pa dongle imodzi, chilolezo chodzutsa chimaperekedwa kwa dongle yonse, ndipo ngakhale Windows imaonetsa mausi payokha, kuchotsa chongi pa mausi kawirikawiri sikuletsa kuti idzutse makina. Munthu akangogunda desiki podutsa, kapena mwana akakoka nsalu ya patebulo, laputopu yadzuka. Lamulo la powercfg /lastwake limaulula chimene chinadzutsa makina komaliza, ndipo likaloza ku USB pamene inu simunakhudze kiyibodi, wolakwa amakhala mausi. Mankhwala ake ndi kuzimitsa kabatani ka pansi pa mausi pochoka, kapena kuika mausi pa Bluetooth n'kusiya kiyibodi yokha pa dongle. Chinanso choyenera kukumbukira n'chakuti mu 2016 akatswiri a kampani ya Bastille anaulula vuto lotchedwa MouseJack, losonyeza kuti ma dongle ambiri a nthawi imeneyo ankatha kulandira zilembo kuchokera kwa munthu wachilendo amene ali chapafupi. Amene ali ndi dongle yakale achite bwino kuikamo firmware yatsopano, kutanthauza pulogalamu ya mkati mwa dongleyo, ngati opanga anatulutsa.

Bluetooth

Pongoganiza chabe, Bluetooth ndiyo imaoneka yabwino koposa, chifukwa sidya bowo la USB ndipo palibe kanthu kotayika. Makiyibodi ang'onoang'ono ambiri, monga K380 ya Logitech, ali ndi Bluetooth yokha. Koma pa kudzutsa laputopu, njira imeneyi ili ndi zitseko zambiri zimene ziyenera kutseguka nthawi imodzi. Laputopu ikagona kulumikizana kumaduka, ndipo kiyibodi nayo imagona kuti isunge mabatire. Mukadina batani, kiyibodi imayamba yadzuka, kenako imaitana laputopu kuti zilumikizanenso. Kuti kuitanako kumveke, kachipangizo ka Bluetooth ka mkati mwa laputopu kayenera kukhala ndi magetsi, kayenera kukhala katauzidwa makina asanagone kuti kazimvetsera kiyibodi imeneyo, ndipo kayenera kukhala ndi chilolezo chodzutsa. Pa makadi ambiri a Intel, monga AX200, mbali ya Wi-Fi imadutsa pa PCIe pamene mbali ya Bluetooth imalumikizidwa pa USB ya mkati, ndipo malaputopu ambiri a S3 amangodula magetsi a kumeneko akagona. Zikakhala choncho palibe chimene mungasinthe mu Windows kapena Linux kuti zitheke, chifukwa zinagamulidwa kale ndi amene analumikiza mawaya a makinawo.

Pa makina a Modern Standby zinthu zimakhala bwinoko, popeza Bluetooth imakhalabe ndi magetsi ndipo kiyibodi yolumikizidwa kale imayenera kudzutsa makina. Ku Linux, BlueZ, imene imayendetsa Bluetooth, ili ndi chizindikiro chotchedwa WakeAllowed pa chipangizo chilichonse chonga kiyibodi kapena mausi, ndipo chimaoneka mukalemba bluetoothctl info. Kuwonjezera apo kafayilo ka power/wakeup ka kachipangizo ka Bluetooth ka mkati kaja kayeneranso kukhala enabled. Zonsezi zikakhala m'malo mwake zimatheka, makamaka pa s2idle, koma zimadaliranso driver (pulogalamu yoyendetsa kadi) ndi firmware ya kadiyo, moti zimene zikuyenda lero zikhoza kusintha makina akalandira mapulogalamu atsopano.

Ngakhale pamene Bluetooth ikudzutsa bwino, pamakhala kachizolowezi kamene munthu ayenera kuphunzira. Kulumikizananso kumatenga sekondi imodzi kapena ziwiri, ndipo zilembo zoyamba zimene mwalemba zimatha kusochera. Amene amafika n'kuyamba kulemba pasiwedi nthawi yomweyo amapeza akuuzidwa kuti alakwitsa, pamene chasowa ndi chilembo choyamba chokha. Ndi bwino kudina batani la Shift, kudikira kuti sikirini iwale, kenako n'kulemba. Vuto lina limaoneka makina akazimiratu: kiyibodi ya Bluetooth nthawi zambiri sigwira ntchito mu BIOS, kapena pamene disiki yotsekedwa ndi BitLocker kapena LUKS ikufunsa nambala yachinsinsi Windows kapena Linux isanayambe, chifukwa panthawiyo pulogalamu yoyendetsa Bluetooth imakhala isanadzuke. Ya dongle imagwira ntchito pamalo onsewa. N'chifukwa chake kwa munthu amene sanagule, ndimalangiza kiyibodi yotha ziwiri zonse, monga MX Keys ya Logitech, kuti njira ina ikakanika asabwererenso kushopu.

Ma MacBook ali paokha pa nkhaniyi, ndipo apa Bluetooth siivuta. Apple imapanga yokha makina, kadi ndi macOS, choncho zitseko zonse zija zinakonzedwa ndi dzanja limodzi. MacBook yotseka, yolumikizidwa ku sikirini yakunja ndi ku magetsi, imadzuka mukadina batani pa kiyibodi ya Bluetooth, ndipo anthu akhala akugwira ntchito motere kwa zaka zambiri. Ma macOS akale anali ndi malo apadera pansi pa Bluetooth ochonga kuti zipangizo ziloledwe kudzutsa kompyuta. Amene anazolowera Mac n'kusamukira ku laputopu ya Windows yogwiritsidwapo kale ntchito ndi amene amadabwa kwambiri, poganiza kuti zimenezi n'zachibadwa pa makina onse.

Chivundikiro chikakhala chotseka

Pali msampha wina umene sukhudza mtundu wa kiyibodi, koma umachititsa anthu kuganiza kuti njira yawo yalephera. Laputopu imadziwa kuti ndi yotseka, ndipo opanga mapulogalamu safuna kuti izidzuka ili m'chikwama. Pa makina a Modern Standby, Windows imatha kunyalanyaza dala kiyibodi ndi mausi ngati chivundikiro chili chotseka, makina ali pa batire, ndipo palibe sikirini yakunja yolumikizidwa. Ku Linux kumachitika zina zodabwitsa: laputopu imadzuka bwinobwino, koma pakapita masekondi pafupifupi 30 imagonanso yokha. Chimachitika n'chakuti systemd-logind, pulogalamu ya Linux yoyang'anira chivundikiro, imadikira nthawi imeneyo makina akadzuka, kenako imayang'ananso chivundikiro, ndipo ikapeza n'chotseka popanda sikirini yakunja imene yaizindikira, imalamula tulo kachiwiri. Zimenezi zimasinthidwa mu /etc/systemd/logind.conf, pa mizere ya HandleLidSwitch ndi HandleLidSwitchExternalPower, ndipo kuika ignore pa mzere wachiwiriwu kumachititsa kuti kutseka kusagoneke makina pamene chaja ili pakhoma, koma kuzigonekabe akakhala pa batire.

Musanataye nthawi ndi zonsezi, bwerekani kiyibodi ya waya kwa mphindi zisanu. Ikalephera nayonso kudzutsa laputopu, vuto lili mu BIOS kapena mu chilolezo cha USB, ndipo kugula kiyibodi ina yopanda waya kungakhale kutaya ndalama. Ikadzutsa, ndiye kuti ya dongle nayo idzatha kudzutsa.

Pamene kiyibodi yakanikiratu

Malaputopu ena sadzuka ndi kiyibodi yakunja zivute zitani, ndipo ena amadzuka masana koma m'mawa amakana. Achiwiriwa amakhala kuti usiku anachoka mu tulo wamba n'kulowa mu hibernate, chifukwa Windows imachita zimenezi pakapita nthawi yoikika kapena batire likatsika ndi mlingo wina makina ali m'tulo. Kwa onsewa pali njira zosadalira kiyibodi.

Yaudongo kwambiri ndi dock, kabokosi kolumikizira laputopu ku sikirini ndi zipangizo zina za padesiki, yokhala ndi batani lake loyatsira. Ma dock a ThinkPad ndi ena a Dell, monga WD19, ali ndi batani limene limagwira ntchito ngati la pa laputopu penipeni, moti limadzutsa makina ogona, limawachotsa mu hibernate, ndipo limayatsa ngakhale ozimitsidwa, chivundikiro chili chitsekere. Kuipa kwake ndi mtengo, komanso kuti batanilo kawirikawiri limamvana ndi malaputopu a kampani yomweyo okha, makamaka a m'gulu la mu ofesi. Dock wamba ya USB-C ilibe mphamvu imeneyi, ndipo kugula dock ya kampani ina ndi chiyembekezo choti batani lake ligwira ntchito n'kuika ndalama pachiswe.

Njira yosalira ndalama ndi kuuza BIOS kuti makina aziyaka akangolandira magetsi. Ku Dell amalemba kuti Wake on AC, ndipo ku Lenovo amati Power On with AC Attach. Kwathu kuno, kumene masoketi ambiri ndi a mapini atatu okhala ndi switchi pambali, njirayi imakhala ngati inapangidwira ife: pochoka mumagoneka makina mu hibernate n'kuzimitsa pakhoma, ndipo m'mawa mukangodina switchi laputopu imayaka yokha kuseri kwa sikirini kuja. Koma BIOS siisiyanitsa chala chanu ndi kubwera kwa magetsi amene anathima. Mukaiwala kuzimitsa pakhoma ndipo magetsi n'kuthima usiku, akamabwera 2 koloko m'bandakucha laputopu imayaka m'chipinda mopanda munthu, n'kukhala choncho mpaka itagonanso yokha. M'dera limene magetsi amathimathima, njirayi imafuna munthu wosaiwala switchi.

Wake-on-LAN ndimangoitchula kuti isaoneke ngati yaiwalika. Kompyuta kapena foni ina pa netiweki yomweyo imatumiza kauthenga ka ma byte 102, kokhala ndi nambala yozindikiritsa kadi ya netiweki ya laputopu (MAC) yobwerezedwa ka 16, ndipo kadi ya netiweki imadzutsa makina. Imadalirika pa chingwe cha Ethernet, chimene malaputopu opyapyala ambiri alibe polowetsa, ndipo kutulutsa foni n'kutsegula pulogalamu kuti mudzutse makina amene ali patsogolo panu n'kovuta kuposa kungovundukula chivundikiro. Ndi yothandiza kwa amene akufuna kufikira kompyuta ali m'chipinda china.

Yotsala ndi imene ambiri amathera: kusalola laputopu kugona ikakhala pa chaja. Pa Windows mumapita pa Power Options, kusankha Choose what closing the lid does, n'kuika Do nothing kumbali ya Plugged in, kenako n'kuuza makina kuti azingozimitsa sikirini osagona. Apa kiyibodi iliyonse imagwira ntchito nthawi yomweyo, ya Bluetooth ndi yomwe, chifukwa palibe chimene chagona. Ena amaiona njirayi ngati kugonja, koma pa makina akale a S3 okhala ndi kiyibodi ya Bluetooth yokha, palibenso ina yoposa iyi. Mtengo wake umaoneka pa mayunitsi a magetsi, popeza laputopu yoyaka imadya mawati angapo nthawi zonse pamene yogona mu S3 kawirikawiri sifika pa wati imodzi, komanso pa kutentha, makamaka kwa makina amene amatulutsira mpweya pafupi ndi mahinji, pamene chivundikiro chotseka chimatchinga. Chofunika kwambiri n'kusasintha mbali ya On battery. Isiyeni pa Sleep, ndipo nthawi yodikira makina asanagone pa batire ikhale yaifupi, kuti magetsi akathima inu kulibe, laputopu igone m'malo mokhetsa batire lonse ikuyembekezera munthu.

Padesiki langa ndinakhazikika pa dongle yolowetsedwa pa laputopu penipeni, mausi ili pa Bluetooth, ndipo ndinafika pamenepa nditaphunzira movutikira. Poyamba zonse ziwiri zinali pa dongle imodzi, ndipo nditaona kuti kudina batani kukudzutsa makina ndinasangalala n'kuiwala kuganizira za ulendo. Tsiku lina ndinagoneka laputopu, kuitseka, kuiponya m'chikwama pamodzi ndi mausi yosazimitsa, n'kukwera minibasi. Bampu iliyonse inkagwedeza mausi, mausi n'kumadzutsa laputopu, ndipo popeza ndinali nditaikanso Do nothing mbali zonse ziwiri pamene ndinkayesayesa zinthu, panalibe choigonekanso msanga. Nditafika ndinapeza chikwama chili chofunda ngati mwaikidwa mbatata yootcha, fani ikulira mkati, batire latsala pang'ono kutha, ndipo msonkhano umene ndinkapitira unali m'chipinda chokhala ndi soketi imodzi yokha, imene wina anali atalowetsapo kale pulojekita. Kuyambira tsiku limenelo ndikamapita paulendo dongle imatsala padesiki, yomatidwa ndi kaselotepi pansi pa kiyibodi, ndipo laputopu ikamalowa m'chikwama ndimaiika mu hibernate.